Matabuleti a kufilidi: tigule olimba koma ochedwa, kapena othamanga tingowaveka kava?

KuNgabu
Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni nzeru ndisanawononge ndalama za eni ake. Tili ndi ntchito yoyeza minda ya alimi a chitowe ndi thonje ku Chikwawa ndi Nsanje, kuyamba Okutobala mpaka mvula itakhazikika, achinyamata 12 oyenda m'midzi aliyense tabuleti yake. Fomu ili pa KoboCollect, app yolembera mayankho a kafukufuku, mafunso pafupifupi 90, zithunzi zitatu pa munda uliwonse kenako kuzungulira malire a munda ndi GPS kuti tidziwe kukula kwake. Chaka chatha tinayenda ndi matabuleti wamba 10, anabwerako amoyo 6 okha, awiri sikirini inasweka, imodzi inamwa madzi powoloka, ina pochajira panangofa pokha osadziwa chifukwa. Pano abwana akuti tigule za rugged zija, zolimba zopangidwira kupirira kugwa, fumbi ndi madzi, koma ndikaona ndalama yomwe ilipo, rugged yomwe tingafikire ndi ya purosesa yakale ndi RAM 4GB, pomwe ndalama yomweyo ikugula tabuleti wamba ya RAM 8GB yothamanga bwino, chenji nkutsala cha kava ndi pawabanki. Inu amene munayendapo nazo kumudzi, chimapweteka kwambiri ndi chani, kusweka kapena kuchedwa?

Chitowe22
Rugged basi achimwene. Dzuwa la ku Ngabu la Okutobala mukulidziwa nokha.

mayi_data
Ine ndikukana. Pa kalembera wa 2018 dziko lonse linawerengedwa ndi matabuleti ndipo ine ndinali m'gulu la owerenga, sanali a rugged ayi, anali wamba ndi kava ndi pawabanki, ntchito inatheka. Nkhani ndi kaphunzitsidwe ka anthu anu. Munthu akamaika tabuleti m'thumba lakumbuyo nkukhala pa kabaza ngakhale mumugulire yachitsulo aiphwanya.

Chitowe22
Amayi kalembera anali wa masabata atatu mu Seputembala ndipo mafunso ambiri munkafunsa mutakhala pakhonde pamthunzi. Awa akukaima pakati pa munda 12 koloko masana mu Novembala. Si zofanana.

mayi_data
Pamenepo ndavomera za dzuwa. Koma za kusweka ndikadali pomwepo.

FundiWaLimbe
Ndilowepo ine amene ndimazitsegula zikafa. Anthu akamagula amaganiza za kugwa pansi chifukwa ndi zomwe amaonetsa pa mavidiyo otsatsa, koma zomwe zimabwera patebulo panga kuchokera kufilidi zambiri ndi zitatu. Choyamba pochajira. Fumbi limalowa, limasakanikirana ndi thukuta, limauma ngati dothi la chulu, kenako munthu amakankha chingwe mwamphamvu kuti chigwire, mapini nkupindika. Choipitsitsa ndi kuchaja tabuleti ili m'chikwama pa njinga yamoto, chingwe chili cholumikiza ku pawabanki, msewu wa East Bank mabampu okhaokha, chingwecho chimagwedeza poti mpaka imazuka pa bodi. Ndikukhulupirira yanu ija inafera pamenepo achimwene a KuNgabu. Chachiwiri batire kufufuma chifukwa cha kutentha, limatukula sikirini kuchokera mkati mumangoona mzere woyera m'mbali. Chachitatu ndiye sikirini kusweka.

Za manambala a IP omwe amalemba posonyeza kupirira fumbi ndi madzi musamangomeza. IP68, 6 akutanthauza kuti fumbi sililowa konse, 8 ndi kumizidwa m'madzi, Samsung pa zake amanena mita imodzi ndi theka kwa mphindi 30 ndipo ndi madzi oyera osayenda, osati matope a Shire. IP65 ndi ya fumbi ndi madzi owaza basi, mvula ipirira koma musaimize. Komanso zonsezi ndi pamene ili yatsopano. Ikagwa kangapo kapena wina akatsegula kumbuyo nkutseka mopanda kudina m'mbali monse, labala wotchinga fumbi ndi madzi sagwiranso. MIL-STD-810 ndi ndondomeko ya mayeso ya asilikali a ku America, koma kampani imasankha yokha mayeso oti ichite ndipo palibe msilikali amabwera kudzadinda, ndiye wogulitsa akanena kuti military grade mufunseni kuti inayesedwa kugwa kuchokera pa mtunda wotani ndipo inali mu kava kapena ayi.

KuNgabu
Za chingwe pa njinga zija mwalasa. Ndimomwe ankachitira ndithu, tinkawauza tokha kuti azichaja ali paulendo kuti asataye nthawi.

mkuluwamapu
Ine ndiyankhe mbali ya liwiro chifukwa ndikuona ngati mukuopa chinthu chomwe fomu yanu sichikufuna. KoboCollect ndi app ya ODK Collect yomweyo yovala malaya ena, inapangidwira mafoni otchipa, mafunso 90 pa RAM 4GB si kanthu. Fomu ikamalemera nthawi zambiri vuto lili mu fomumo osati mu tabuleti. Mndandanda wa midzi ndi mayina a alimi ukakhala wautali musauike wonse mu choices, tsamba la fomu lomwe mumalembamo mayankho osankha, uikeni mu fayilo ya CSV padera. Ma repeat (mafunso obwerezedwa) okhala ndi ma calculate (masamu omwe fomu imachita yokha) ambirimbiri amachedwetsanso chifukwa akamachuluka fomu imawerengeranso zambiri. Ndipo zithunzi, pa funso la image lembani max-pixels=1024 mu kolamu ya parameters, chithunzi chichepa kwambiri, kutumiza pa netiweki ya ku Makhanga kupepuka, bandulo isatha msanga, munda uonekabe bwinobwino.

Pomwe liwiro limafunikadi ndi pamene mukuyenda ndi mapu olemera. Ife timagwiritsa ntchito app ya mapu ya QField ndi zithunzi za drone pansi pake ndi malire a minda masauzande pamwamba, pamenepo 4GB imakuliza, ukakoka mapu umadikira kuti ajambulike, ukatsegula kamera nkubwerera umapeza app yatsekedwa yokha chifukwa Android yafuna malo. Ngati chaka chamawa mukuganiza zopita kumeneko, musagule 4GB. Ngati ndi Kobo yokha basi, musadandaule.

Chinanso chomwe palibe wanena, kulimba kwa tabuleti sikukonza GPS. Rugged kapena wamba, zambiri zimaphonya ndi mamita atatu mpaka asanu pabwalo poyera. Munda wa kota ekala ndi pafupifupi mamita 32 mbali iliyonse. Mukaphonya ndi mamita atatu mbali ziwiri zokha mupeza 35 kuchulukitsa 35, ndiye kuti mwaonjezera mundawo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Ngati kukula kwa munda ndi komwe kukutsogolera mbewu kapena ngongole yomwe mlimi alandire, ndalama ina isungireni ka GNSS kapadera ka Bluetooth, kachipangizo koyeza malo molondola kuposa GPS ya mu tabuleti, ngakhale tiwiri tokha toyendera minda ing'onoing'ono.

Nyakwawa
Apa ndiye mwatiphunzitsa akulu. Za max-pixels sindimadziwa, ife takhala tikutumiza zithunzi za 4MB chaka chonse.

dada_waMzimba
Ndifunse, kodi simungangogwiritsa ntchito mafoni? Achinyamata onse ali nawo kale.

KuNgabu
Tinayesa. Funso lokhala ndi mayankho ambiri silikwana pa sikirini, ndipo mlimi amafuna aone yekha mapu a munda wake asanasaine. Komanso data ya anthu kukhala pa foni ya munthu payekha, opereka ndalama sakulola.

Chitowe22
Ndifotokoze bwino zomwe ndimatanthauza za dzuwa chifukwa poyamba ndinangoponya mawu. Ndinayang'anirapo gulu cha ku Bangula, matabuleti athu anali abwino ndithu, othamanga, tinawaveka makava akuda a labala okhuthala aja. M'mawa 7 koloko zonse zili bwino. Ikamakwana 11 tabuleti yatentha moti kumbuyo sungaigwire nthawi yaitali, ndiye imayamba kudziteteza yokha, imachepetsa kuwala kwa sikirini ngakhale iwe wakweza mpaka kumapeto, purosesa imabweza moto, kamera imakana kutseguka ikuti dikirani izizire, kuchaja kumaima. Ndikukumbukira mtsikana wina ataima pansi pa mtengo wa masau wadziphimba chitenje kumutu pamodzi ndi tabuleti ngati akufukiza kuti aone funso lotsatira, agogo eni munda angokhala pa mzere khasu lili pambali kudikira, mphindi 20 zinatha tisanajambule chithunzi chimodzi. Liwiro lonse lomwe tinalipira linali la mu ofesi ya ku Blantyre. Kava yomwe inkateteza kugwa ndi yomweyo inkasunga kutentha. Ngakhale Apple amalemba okha kuti iPad igwiritsidwe ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 35, pamene kuchigwa kuno Okutobala ndi Novembala kupitirira 40 ndi nkhani ya masiku onse. Ndiye mukamafananiza musaone RAM yokha, funsani ma nits, muyeso wa kuwala kwa sikirini, wamba zambiri zili cha m'ma 400 ndipo padzuwa lakuno umangoona nkhope yako.

waMoatize
Moni abale a ku Malawi, ine ndili ku Tete kumigodi ya malasha, kutentha kwathu ndi kwanu ndi kumodzi. Kuno oyeza malo ndi amakanika amayenda ndi Toughbook za Panasonic ndi Getac, za Windows. Zimenezo ndiye zolimba zenizeni ndipo sizichedwa, mkati muli Intel Core i5 kapena i7, sikirini 1000 nits umawerenga uli padzuwa, zina mabatire awiri umasintha limodzi osazimitsa. Ndiye sikuti cholimba chimayenera kukhala chochedwa ayi, zonse ziwiri zimapezeka pamodzi, kungoti mtengo wake yatsopano ndi madola opitirira 2,000 imodzi ndipo kulemera kupitirira kilo. Kwa inu sizikuthandizani chifukwa KoboCollect ndi ya Android. Ndangonena kuti mudziwe kuti chomwe mukusankha kwenikweni ndi thumba lanu.

KuNgabu
Imodzi yokha imeneyo yadya theka la bajeti yathu. Kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44% mu Novembala 2023 ma quotation amangokhala a masiku ochepa, ukachedwa kusainitsa mtengo wasintha.

achimJoni
Yang'anani mzere wa Samsung Galaxy Tab Active. Active3 inatuluka 2020, mainchesi 8, IP68, batire 5050mAh lochotseka ndi dzanja, purosesa yake Exynos 9810 yomwe inali mu Galaxy S9, RAM 4GB, ndikuganiza ndi yomwe akukupatsaniyo. Active4 Pro ya 2022 ndi mainchesi 10.1, Snapdragon 778G, batire 7600mAh. Active5 ya 2024 yabwereranso pa mainchesi 8 ndi Exynos 1380. Zonse zili ndi mabatani enieni kutsogolo ndi S Pen, cholembera cha pa sikirini, zomwe zimathandiza manja akakhala a thukuta kapena mvula ikuwaza chifukwa madontho pa galasi amadina okha zinthu. Kuno ku Joni zimapezeka ngakhale zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera kumakampani. Koma pa Active3 onani kaye ngati ikadalandira ma update, chinthu cha 2020 mukachigula lero mwagula chokalamba kale.

Nyakwawa
Nanga za ku China zija, Oukitel, Blackview, Ulefone? Oukitel RT2 ili ndi 20000mAh, Blackview Active 8 Pro 22000mAh, RAM yambiri, mtengo wotsika. Papepala zikuoneka kuti zathetsa mkangano wonsewu.

mayi_data
Munayamba mwainyamula tsiku lonse? Batire lalikulu choncho ndi pafupifupi kilo m'manja. Anthu anga ambiri ndi atsikana, kuzungulira minda 8 pa tsiku dzanja limodzi lagwira chimenecho lina likudina, pofika madzulo dzanja lachita dzanzi. Ndipo chinthu cholemera ndi chomwe chimagwa kawirikawiri.

FundiWaLimbe
Onjezani funso la masipeya. Musanagule mtundu uliwonse pitani kwa okonza mafoni awiri atatu mu Limbe kapena ku Lilongwe mufunse kuti sikirini ya iyi muli nayo, ngati mulibe ibwera masiku angati. Panabwera bungwe lina ndi ma rugged asanu a mtundu womwe sinditchula, awiri galasi losweka, tinasaka paliponse mpaka kuitanitsa kunja, inafika patatha masabata asanu ndi limodzi ntchito yawo itatha kale. Rugged imasweka mwa apo ndi apo koma ikasweka imakugoneka. Wamba yodziwika imasweka pafupipafupi koma mawa lake yabwerera kufilidi. Komanso RAM yomwe amalemba pabokosi muziwerenga bwino, ena amaphatikiza yeniyeni ndi ija yobwereka ku storage nkulemba nambala yaikulu.

Mlangizi_waZaumoyo
Ine ndine HSA, malipoti athu ambiri pano akudutsa pa iCHIS, app ya unduna wa zaumoyo. Dera langa magetsi kulibe, kochajitsa ndi pa trading centre makilomita angapo, umalipira nkusiya chipangizo pamenepo maola atatu. Kwa ine chinthu chachikulu pa zonse mwanenazi ndi batire lochotseka. Ukakhala ndi awiri, limodzi likuchajidwa pa sola kunyumba lina uli nalo kumudzi, masana umangosintha. Palibe chingwe cholendewera, palibe pawabanki yotentha m'chikwama. Liwiro sindinalidandaulepo, mayi akamakuuza za mwana wake wodwala salankhula mothamanga kuposa tabuleti.

mkuluwamapu
Zoona, koma kuti muchaje batire lili panja pa tabuleti pamafunika kachaja kake kapadera, muikenso pa bajeti. Apo ayi muzichaja usiku mosinthanitsa mu tabuleti momwemo.

Kabaza_Bangula
Pepani ndipatuke pang'ono. A KuNgabu, anayi anafa chaka chatha aja analipira ndani? Chifukwa ine ndinagwirapo ntchito ngati imeneyi kwinakwake, tabuleti inagwa njinga itaterereka pamchenga, ine ndemwe ndinasupuka bondo, koma anandidula alawansi ya masabata awiri. Zinandiwawa mpaka lero.

KuNgabu
Ife sitinadule munthu. Koma kunena zoona nkhaniyo inakambidwa mu ofesi ndipo ena ankafuna tidule.

mayi_data
Osadula konse nakonso kuli ndi vuto lake, anthu amatayirira. Ife timasainirana kuti ngozi ya pantchito ndi ya ofesi, koma kuisiya pa bala kapena kupatsa mwana aziseweretsa ndi zako.

Kabaza_Bangula
Zimenezo ndi chilungamo amayi. Koma dziwani kuti munthu akamaopa kudulidwa amabisa. Mnzanga wina yake inalowa madzi sananene, anaiika mu mpunga masiku awiri akulemba mayankho papepala, kenako anaiyatsa nkupsa, mafomu 30 omwe anali asanatumize anapita nayo.

FundiWaLimbe
Mpunga suchotsa madzi mkati, umangoonjezera fumbi pa poti. Ikanyowa zimitsani pompo, ngati batire ndi lochotseka chotsani, musachaje, bweretsani. Chimapha bodi ndi magetsi kudutsa ponyowa.

mkuluwamapu
Mafomu 30 amenewo ndiye nkhani yeniyeni kuposa tabuletiyo. Kubwerera kwa alimi 30, mafuta a njinga, alawansi, ndi mlimi amene watopa nawe kale kumufunsanso kachiwiri, ndalama yake ikhoza kuposa mtengo wa chipangizo. Yatsani auto send kuti ikangogwira netiweki ya TNM kapena Airtel izitumiza yokha, ndipo pasapezeke wogona ndi mafomu a masiku awiri ngati pali pokwera pomwe netiweki imagwira. Mukatero tabuleti ikafa mwataya tabuleti yokha.

dada_waMzimba
Kwathu kuno dzuwa si lambiri choncho, ife wamba ndi kava zimatikwanira zaka zitatu. Ndiye yankho likutengeranso dera.

Chitowe22
Eya, ku Mzimba kapena ku Dedza ndikanavomereza za amayi_data. Kuchigwa ayi. Ndipo ntchito yawo ikulowa mu mvula, tonse tinaona nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 momwe anthu ankayendera m'madzi ofika m'chiuno kukalemba mabanja m'makampu.

KuNgabu
Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Ndapempha ogulitsa awiri kuti andibwereke imodzi imodzi, rugged ya mainchesi 8 ndi wamba ija ya 8GB, ndipita nazo ku Ngabu sabata yamawa ndikayese ndi fomu yathu yeniyeni. Ndiyese chani kwenikweni kuti ndisangoyenda nazo?

mkuluwamapu
Yambani 10 koloko osati m'mawa. Zonse ziwiri zili mu kava yomwe zidzavale, kuwala kwa sikirini kumapeto, GPS yoyaka, SIM mkati. Zungulirani munda umodzi womwewo katatu ndi iliyonse muone ngati kukula kukufanana, bwino munda woti mwauyeza kale ndi tepi. Jambulani zithunzi motsatizana pakati pa dzuwa. Lembani nthawi yomwe sikirini yayamba kuthima ndi batire latsala bwanji 3 koloko. Ndipo musayese nokha, mupatse mmodzi mwa atsikana anu aigwire tsiku lonse anene za dzanja.

KuNgabu
Ndabwerako abale. Tinayesa masiku atatu. Wamba ija m'mawa imatsegula fomu msanga ndithu, rugged imatsalira ndi masekondi ochepa, ndipo nditakonza fomu monga ananenera a mkuluwamapu, CSV ndi max-pixels, kusiyanako kunachepa moti anyamata sanakuonenso. Masiku onse atatu wamba inayamba kuthima sikirini isanakwane 12 koloko, tsiku lachiwiri kamera inakana kawiri. Titaivula kava inapirira kwambiri koma ndiye yakhala pamtunda. Rugged nayo inatentha, musaganize kuti ndi yamatsenga, kuwala kunatsikako koma mafunso amawerengeka ndipo kamera sinakane. Batire lake ndi laling'ono, pofika 2 koloko linali litatsala pang'ono, ndiye popanda lachiwiri sitimaliza tsiku. Pa GPS zonse ziwiri zimaphonya mofanana, munda womwewo katatu manambala atatu osiyana, ndiye ka GNSS kapadera kakufunikadi pa minda ing'onoing'ono.

Ndalembera abwana kuti tigule rugged 10 m'malo mwa 12, za RAM yoposa 4GB ngati mtengo ulola chifukwa za QField zikukambidwa kale mu ofesi, batire lapadera pa iliyonse, ndipo 6 zakale zija ziwiri zipite kwa amene akufunsa mafunso a pakhomo pamthunzi, zinayi zikhale zodikirira ina ikafa.

mayi_data
Mwachita bwino kuyesa. Zakalezo muzichotse makava akuda aja mupeze owala, ndipo muwauze asamazisiye pa mpando wa galimoto.

achimJoni
Mabatire apadera muitanitse limodzi ndi matabuleti tsiku lomwelo, musadikire. Batire la lithium likakhala palokha ambiri onyamula katundu pa ndege amalikana kapena amafuna mapepala ena, ndiye limabwera pa msewu mochedwa. Muonetsetsenso kuti ndi oyambirira, abodza amafufuma msanga kotentha.

FundiWaLimbe
Zikafika mundibweretsere imodzi ndiwaonetse anyamata anu katsekedwe ka chivundikiro chakumbuyo, chifukwa akamasintha batire tsiku lililonse kumunda ndi pomwe fumbi ndi madzi zidzalowere. Ndi zala zouma, pamthunzi, kudina kuzungulira m'mbali monse mpaka kulira.

KuNgabu
Ndibwera nawo onse 12 Loweruka lisanayambe training. Mumatsegula nthawi yanji?